Mawu amodzi mu log, ma kilo a anthu ali panjira

Lolemba m'mawa chiperoni chinali chitaphimba minda ya tiyi ku Thyolo pomwe mayi wa kusikelo anandiimbira. "Achimwene, ma kilo a dzulo sakulowa." Ndinakwera minibasi pa Bvumbwe mtima uli m'mwamba, chifukwa ma kilo amenewo ndiwo malipiro a othyola masamba.

Ndinapeza virtual machine (kompyuta yongoyerekeza yoyenda mkati mwa kompyuta ina) yosunga kaundula wa ma kilowo ikuyenda bwinobwino, koma netiweki yake ili zii. Mu log, momwe pulogalamu imalembamo zomwe zikuchitika, munali liwu limodzi lokha: failed. Pulogalamu yolumikiza QEMU (yomwe imayendetsa virtual machineyo) ku netiweki ya ofesi tinalemba tokha m'chilankhulo cha makompyuta cha C, ndipo mzere umenewo ndinaulemba ndine. Panapita maola awiri ndisanazindikire kuti akaunti yatsopano yoyendetsera makinawo inalibe chilolezo chosinthira za netiweki cha CAP_NET_ADMIN, ndiye kupanga tap, khomo la netiweki la virtual machine, kudzera pa /dev/net/tun kunkakanika. Chondiwawa n'chakuti Linux inali itanena kale chifukwa chake mu errno, nambala yosonyeza vuto: EPERM, kutanthauza kuti palibe chilolezo, koma code yathu inachitaya.

Lachiwiri ndi Lachitatu ndinakhalira kusaka fprintf iliyonse, lamulo losindikiza uthenga mu code yathu. Zomwe ndinapezamo! Vuto limodzi linkalembedwa katatu, function (kachigawo ka pulogalamu) iliyonse ikufuula payokha. Tinthu tosaopsa tinkatchedwanso error, mpaka anzanga anazolowera kungodutsa osawerenga. Apa ndi pomwe ndinaona kuti ngozi yeniyeni inali pamenepo.

Ndinatengera kachitidwe ka QEMU yeniyeniyo. Olemba QEMU ali ndi function ya error_report pa zomwe zaimitsa ntchito, ndipo kuyambira 2017 anawonjezera warn_report pa zomwe ntchito ikupitirirabe. Function ya pansi simasindikiza kanthu, imangopereka vutolo kwa amene waiitana, iyeyo n'kunena kamodzi. Ndinachita chimodzimodzi, uthenga uliwonse ukutchula chomwe chimayesedwa, dzina la tap, ndi yankho la strerror, yomwe imamasulira errno m'mawu.

Lachinayi tinakoka chingwe ndi akulu anga pantchito. Iwo ankati bridge, mlatho wolumikiza tap ku netiweki ya ofesi, ikasowa likhale chenjezo chabe, makina adzuke. Ine ndinakana mwaulemu: makina odzuka opanda netiweki amanamiza mlembi kuti zonse zili bwino. Tinagwirizana kuti aime, anene chifukwa.

Lachisanu ndinachotsa dala chilolezo chija pa makina oyesera, n'kupempha mayi wa kusikelo uja awerenge zomwe zatuluka. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chili pagalasi, kenaka anatembenuka.

"Ndiye kuti akaunti ija ilibe chilolezo, eti achimwene?"