Zeze wopanda nsambo

Kuno ku Nkhotakota anthu amandidziwa ngati wokonza mafoni ndi mawailesi, koma mtima wanga uli ku zoimba. Tsoka lake zala zanga ndi gitala sizinamvanepo, ndipo a kwaya kutchalitchi anandipempha mwaulemu kuti ine ndizingoyang'anira masipika. Ndiye nditaona pa YouTube Jean-Michel Jarre, woimba wa ku France uja, akuimba ndi mizere ya kuwala kwa laser monga wakhala akuchitira kuyambira 1981, ndinati basi, chida changa chapezeka. Palibe nsambo yodula chala. Umangodutsitsa dzanja pamzere wa kuwala, nyimbo n'kumalira.

Zogula ndinalibe nazo mphamvu, choncho ndinaganiza zopanga ndekha. Mpamba wake, K60,000, ndinabwereka kwa malume, ndi lonjezo lobweza mpunga ukapsa. Mpunga unapsa, unakololedwa, unadyedwa.

Thupi la zeze wanga linali felemu ya chitseko chakale. Kumtunda kwake ndinamangirira tima laser tofiira sikisi toloza pansi. M'munsi, moyang'anizana ndi laser iliyonse, ndinaika LDR, kachipangizo kamene kamalola magetsi ambiri kapena ochepa kudutsa malinga ndi kuwala kumene kakulandira. Kalikonse ndinakabisa m'kapaipi ka pulasitiki kuti kasamaone kuwala kwina. Mawaya onse ankathera mu Arduino Uno, kabolodi kokwana m'chikhatho, ka mtundu uja unayambira ku Ivrea, ku Italy, mu 2005. Wina anandifunsa kuti bwanji mizere sikisi yokha. Ndinamuyankha za luso ndi kuya kwa nyimbo, koma zoona zake n'zakuti Uno ili ndi makomo sikisi okha owerengera zinthu zotere, A0 mpaka A5.

Arduino imawerenga kuwala ndi manambala, kuyambira 0 mpaka 1023. Laser ikamawomba bwino pa LDR ndinkapeza cha m'ma 900, ndikatchinga ndi dzanja nambala inkagwa pansi pa 300. Ikagwa, uthenga unkathamanga pa waya wa USB kupita mu laputopu, momwe munali Pure Data, pulogalamu yaulere imene Miller Puckette analemba m'zaka za m'ma 1990. Mmenemo umalumikiza timabokosi ndi timizere mpaka phokoso litatuluka. Manotsi ndinawapatsa manambala a MIDI, chilankhulo chimene zida zoimbira zamagetsi zimamvana nacho kuyambira 1983, momwe 60 ndi C wapakati. Mizere isanu inali yoimbira. Wachisikisi unali wosinthira gulu la mawu: ukautchinga kamodzi zeze amalira kalimba, ukautchinganso ng'oma, ukabwerezanso gulu lachitatu.

Vuto linali ulesi wa LDR. Imachedwa kuzindikira kuti kwada, ndipo khutu la munthu wokulira pakati pa ng'oma silinamizika: dzanja likatsogola, phokoso n'kubwera pambuyo ngakhale pang'ono chabe, mwendo umakana kuvina. Kuti ndichotse kuchedwako, ndinauza Arduino kuti isamadikire mpaka 300. Nambala ikangotsika pa 850, iziimba. Ndinachotsanso kamphindi kodikira kaja kamene anthu amaika kuti noti imodzi isamalire kawirikawiri. Zeze anakhala watcheru moti utsi wa phala ukanatha kumuimbitsa. Ndinanyada.

Tsopano za gulu lachitatu. Usiku wina ndikuyesa ngati pulogalamu ikutha kuseweretsa mawu ojambulidwa, ndinalibe mawu ena pafupi kupatula mavoisi a malume a pa WhatsApp, omwe anali ochuluka ndithu. Ndinadula voisi imodzi pasanu. Mzere woyamba: "Iwe mphwanga!" Wachiwiri: "Ndalama zanga zija bwanji?" Wachitatu: "Ndikuona wawerenga." Wachinayi: "Usandiyese chitsiru." Wachisanu chinali chifuwa chokha, chija amakhosomola akafuna kuti umve kuti nkhani yakula. Mayi a kunyumba anaseka mpaka kugwira m'nthiti, kenako anati, "Inu abambo, fufutani zimenezo musanaiwale." Ndinati mawa.

Mpata woonetsa luso unabwera pa ukwati wa mlongo wanga. Madyerero anali pamalo ena ogona alendo m'mphepete mwa nyanja, ndipo malume, monga mwini mbumba, anali pamzere wakutsogolo atavala suti yawo yaimvi. Ndinachonderera a MC kuti ine andiike dzuwa litalowa, chifukwa laser masana siioneka. Ngakhale usiku imafuna utsi kuti mzere uoneke, ndiye ndinayatsa makoyilo a udzudzu m'munsi mwa felemu. Pamwamba ndinapachika babu lowala kwambiri loti anthu aziona nkhope ya mwini luso. Waya wa USB ndinaumata ndi tepi yakuda kuzungulira kambirimbiri, poopa kuti mwana wina angaukoke.

Chakumadzulo, kutali pakati pa nyanja, panaoneka chimtambo chabii choimirira ngati utsi wa lupsa. Wa ku Nkhotakota aliyense amadziwa kuti imeneyo ndi nkhungu, touluka tochepa kuposa udzudzu, tosaluma, timene timatuluka m'madzi mwaunyinji makamaka mwezi ukakhala kumdima. Gogo wina amene ankasoka ukonde pamchenga anayang'ana chimtambocho, anayang'ana babu langa, n'kunena kuti, "Mwana wanga, mphepo ikatembenuka uli ndi alendo." Ndinamuthokoza gogoyo monga timathokozera anthu amene sitikuwamvera.

Poyamba zinayenda bwino, ndipo ndikufuna zimenezi zidziwike. A DJ anatsitsa nyimbo, ine n'kudutsitsa dzanja, kalimba n'kulira m'masipika onse. Anthu anaimirira. Amayi ena analuluta. Ndinamva wina kumbuyo akuti, "Ameneyu si uja amakonza matochi?"

Kenako kamphepo kanawomba kuchokera kunyanja.

Choyamba kuona chinali chakuti mizere yanga yawala mokongola kuposa kale lonse, yofiira psuu kuchokera kumwamba mpaka pansi. Ndinayamikira makoyilo. Chachiwiri, zeze analiza noti imene ine sindinaigunde. Kenako ina. Kenako zonse pamodzi, mwaliwiro loti dzanja la munthu silingafikepo. Nkhungu inali itazinga babu, ikutsikira m'mizere, ina ikulowa m'timapaipi. Kamodzi sikangatchinge laser, koma tikakhala tambirimbiri kutsitsa 900 kufika pa 850 si ntchito. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinaona kuti kukana ulemu n'kulakwa, ndiye ndinayamba kugwedeza manja m'mwamba motsatira zimene alendo anga ankaimba, nkhope itadzaza tizilombo, pakamwa nditatseka kuti ndisadye ndiwo zosaphika.

A MC ataona kuti anthu atenthedwa anati tisataye mpata, perekaniperekani apitirire pomwepo. Anaitana malume kuti agwire beseni pafupi ndi akwati, n'kuitana akuchimuna. Bambo a mkwati anatsogolera, akuvina mwaulemu, m'manja muli timapepala ta K500. Nthawi yomweyo nkhungu inapeza mzere wachisikisi. Kalimba anasanduka ng'oma. Anthu anakuwa ndi chimwemwe. Ine mtima unangoti phwii, chifukwa ndinkadziwa chimene chimabwera ng'oma zikatha.

"Iwe mphwanga!"

Bwalo lonse linayang'ana malume. Malume anali chiimire, beseni m'manja, milomo ili yotseka.

"Ndalama zanga zija bwanji? Ndalama, ndalama, ndalama zanga zija bwanji?"

Bambo a mkwati anaima ndi mwendo umodzi m'mwamba. Anayang'ana K500 imene anali pafupi kuponya, anayang'ananso malume. Masipika anakhosomola. "Usandiyese chitsiru." Mkuluyo anabweza K500 m'thumba mwakachetechete, n'kusolola K5,000. A MC anali ndi pepala la mayina a oyenera kuitanidwa, ndipo atangoliyang'ana zeze anati, "Ndikuona wawerenga." Analigwetsa. Mayi wina wakuchimuna anakoka ana ake awiri n'kuyamba kupemphera mokweza, akuti banja limene mwana wawo walowa lili ndi munthu woyankhulira m'mimba.

Ndinathamangira pa laputopu kuti ndizimitse. Sikirini nayo ndi getsi, ndiye inali itakutidwa yonse, ndipo pamene ndimati ndipukute ndi dzanja ndinangopaka phala lakuda. Ndinakoka waya wa USB, tepi yanga inagwira ntchito imene ndinaituma. Ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse babu, koma amayi a kukhitchini anali atafika kale ndi malichero ndi mabeseni onyowa, akuwagwedeza mozungulira felemu kukola nkhungu. "Achimwene, musazimitse getsi, ndiwo izi!" Lichero lililonse likadutsa linkadula mizere isanu nthawi imodzi, malume n'kukuwa, kufunsa, kuopseza ndi kukhosomola pakamodzi.

Munthu mmodzi yekha akanatha kundipulumutsa, a DJ, pongotsitsa kabatani kanga pa mikisa. Ndinawakodola ndi manja onse awiri. Iwo anandikwezera chala chachikulu, n'kuika biti pansi pa mawu a malume. Zinagwirana bwino mochititsa mantha. Achinyamata anayamba kuyankha: zeze akati "Ndalama zanga zija," bwalo lonse "Bwanji!" Anthu amene anali atapereka kale anabwereranso pamzere. Ena ndikukhulupirira kuti anali ndi ngongole zawo kwina ndipo chikumbumtima chinawagwira. Beseni linadzaza, anabweretsa lachiwiri. A DJ anatsitsa kabatani kaja pokhapokha a komiti atanena kuti mabeseni atha, otsala ali ndi nkhungu.

Ndikumasula mawaya, ndinaona nsapato zakuda zitaima pambali panga.

"Mphwanga, mawu aja ndi anga?"

"Ndi anu, malume."

"Anthu avina?"

"Avina, malume."

"Ndiye kuti ndaimba." Anasasa nkhungu paphewa la suti. "K60,000 ija ikhale apo, imeneyo ndi ngongole. Tikambe za woimba. Ndamva kuti ku COSOMA, bungwe lija loteteza umwini wa nyimbo, amalembetsa zimenezi."

Lero zeze amadikira mpaka 500 asanalire, kamphindi kodikira kaja ndinakabwezeramo, ndipo babu limakhala patali pamtengo wakewake. Maukwati akundiitana, koma palibe amene amafunsa za kalimba. A komiti amangofuna kudziwa ngati ndibwere ndi malume, ndipo amatanthauza a m'laputopu. Enieniwo mavoisi sanasiye kutumiza, kungoti masiku ano amayamba akonza kaye kukhosi, amabwereza mzere uliwonse kawiri, kachiwiriko mokweza pang'ono. Ya dzulo inatha ndi malangizo akuti pamene akunena kuti "ndikakutengera kwa amfumu" ndipaike pa laser yachitatu.