Stroll ndi trudge: onse amayenda pang'onopang'ono, koma si amodzi

Mwezi uno ndalimbana ndi aneni a Chingerezi onena za mayendedwe a munthu. Mukatsegula buku la mawu ofanana matanthauzo, mtundu uja anauyambitsa Peter Mark Roget mu 1852, mupeza pansi pa walk pali gulu lonse: stroll, amble, trudge, plod, stride, strut, shuffle, limp, hobble, stagger. Bukulo limangowaunjika malo amodzi, osakuuzani kuti uyu amagwira ntchito pati. Ndiye wophunzira amangoti kusiyana kwake ndi liwiro, ena ndi othamanga ena ndi ochedwa. Koma liwiro ndi nkhani yaing'ono. Chimene aneniwa anyamula ndi mmene woyendayo akumvera m'thupi ndi mumtima, ndiponso mmene wolankhulayo akumuonera.

Tengani stroll ndi trudge. Wa stroll wakhuta, alibe kothamangira, akungowongola miyendo chakumadzulo uku akucheza ndi mnzake. Wa trudge watopa, mapazi akumulemera, mwina wasenza thumba la ufa kuchokera kuchigayo m'matope a mu Januwale, ndipo ulendowo sakuufuna n'komwe. Mukawayeza ndi wotchi akhoza kufika nthawi imodzi. Koma lembani kuti "The mourners strolled to the graveyard", galamala ilibe vuto, chikhalirecho mwawalakwira anamfedwa, chifukwa mwawasandutsa anthu okapitidwa mphepo. Plod ali pafupi ndi trudge, kungoti iye amatsindika kusaima: phazi pambuyo pa phazi, mopanda chisangalalo, mpaka kukafika. N'chifukwa chake amanenanso kuti munthu "is plodding through" buku lotopetsa.

Chimene chandithandiza kwambiri ndi maganizo a katswiri wa zilankhulo wa ku America, Leonard Talmy, amene anawalongosola mu 1985. Iye anaona kuti zilankhulo zimagawana ntchito mosiyana pofotokoza kuyenda. Chingerezi chimaika kayendedwe mu mneni, ndipo kolowera chimakusiyira timawu ting'onoting'ono monga in, out, up, across. Chisipanishi ndi Chifalansa zimachita motembenuza: mneni amanena kolowera, kayendedwe kamabwera pambuyo ngati kakufunika. Ife tili mbali yachiwiriyi nthawi zambiri. Timati analowa m'nyumba motsimphina, anatuluka monyang'ama, anawoloka msewu akudzandira. Mngerezi zonsezo amazipanikiza: limped in, tiptoed out, staggered across. Apa ndi pamene ndamvetsa chifukwa chake zimangirizo zambiri za ana asukulu kwathu kuno zimadzaza ndi "He entered the house walking slowly". Chiganizocho n'cholondola, koma mafupa ake ndi a Chichewa.

Si kuti ife tilibe mawu. Tili nawo ambiri, ndipo pamene mneni waperewera timatola mawu a mvekero: dzandidzandi, nyang'anyang'a, kapena chining'a monga liwiro la mtondo wadooka. Vuto ndi lakuti malire sagwera pamodzi. Kutsimphina kwathu Chingerezi chimakugawa pawiri. Limp ndi mwendo umodzi umene ukupweteka kapena wafupika, thupi n'kumapendekera mbali imodzi. Hobble ndi timasitepe tating'ono ta ululu, monga ta agogo amene mawondo awo atha, kapena munthu amene nsapato zamuluma mapazi onse. Stagger si za mwendo ayi, ndi munthu amene watsala pang'ono kugwa, kaya ndi kachasu, kaya wamenyedwa, kaya katundu wamuposa. Stumble ndi kuphunthwa basi, kamodzi, n'kupitiriza.

Pa kuyenda mwakachetechete ndidutsapo msanga. Tiptoe amanena za thupi, kuyendera zala za kumapazi, ndipo mayi amene sakufuna kudzutsa mwana amachita zimenezo popanda mlandu. Sneak amanena za cholinga, kuzemba kuti asakuone, ngakhale utaponda phazi lonse. Creep ali pakati, ndipo samalani pomulemba m'nthawi yakale, ndi crept, monganso stride amakhala strode.

Gulu limene ndalikonda ndi la aneni oweruza. Stride ndi kutaya miyendo kutali, ngati munthu wodziwa kumene akupita, ndipo mawuwo alibe chitonzo. Strut ndi swagger ndi kunyang'wa, ndipo amene wawasankha wanena kale kuti munthuyo ndi wodzimva. Madikishonale a ophunzira amalemba chenjezo loti disapproving pambali pa mawu ena otere, ndipo ndaphunzira kuyang'ana chenjezolo ndisanawerenge tanthauzo. Chimodzimodzi wander ndi loiter. Wa wander akungoyendayenda wopanda cholinga, palibe amene akumukayikira. Loiter ndi mawu a apolisi ndi alonda, onena za munthu wongozungulirazungulira pamalo popanda chifukwa chomveka, amene kale akanagona m'chitokosi pa mlandu wa vakabu. Mnyamata yemweyo, pakhonde la sitolo lomwelo, mayi ake anena kuti anali wandering, mwini sitolo anena kuti anali loitering.

March ndiye wandiseketsa. Tonse timamudziwa ngati kuguba kwa asilikali, kapena ana asukulu pa tsiku la chikondwerero. Koma mukamva kuti "She marched into the headmaster's office", palibe ng'oma kapena lipenga pamenepo. Ndi mayi amene wakwiya, walowa osagogoda, ndipo aphunzitsi aakuluwo akonzekere kuyankha.

Panopa m'kope langa sindilembanso mneni ndi tanthauzo lake la Chichewa pambali. Ndimalemba mneniyo, kenako munthu amene angayende choncho, kumene akuchokera, ndi amene akumunena. Tsamba la sabata yamawa ndi la othamanga: jog, sprint, dash, bolt ndi scurry.