Mendulo ya Nyasaland 1915 inadutsa m'manja mwanga sabata ino

Anthu kumudzi ndikawauza kuti kuno ku London ndimagwira ku okushoni amangoganiza za fodya wa ku Kanengo, koma ayi ndithu, ife timagulitsa mamendulo a asilikali akalekale. Ine yanga ndi kuwayeza, kuwerenga dzina lolembedwa m'mphepete ndi kulemba mu katalogi.

Lolemba kunabwera mayi ena ndi mamendulo a agogo awo a nkhondo ya 1914, atawakwecha ndi Brasso mpaka waliwali, nkhope ya King George V kutsala pang'ono kufufutika. Ndinasowa poyambira kuwauza kuti mayi mtengo mwautsitsa nokha, ogula amafuna yakuda yomweyo. Lachiwiri ndinabweza ina, m'mphepete munali mopyapyala, zoonekeratu kuti wina anapala dzina ndi kulembapo lina. Ntchito ino dzina ndiye ndalama, n'chifukwa chake mendulo ya Burma Star siidula kwenikweni, boma la Britain linkapereka osalembapo dzina, ngakhale anyamata athu a Keyala (King's African Rifles, K.A.R.) anavutika nayo nkhondo ija mu Kabaw Valley ku Burma mu 1944.

Koma Lachitatu ndiye eee. Ndikutsegula kaenvulopu ndikupeza Africa General Service Medal, yasiliva, riboni yachikasu ya mizere yobiriwira yatha ndi ukalamba, ndipo pa kachitsulo kopingasa pamwamba palembedwa NYASALAND 1915. Kachitsulo kameneka ankapatsa amene anathandiza kuzimitsa kuwukira kwa John Chilembwe, kumene kunayamba pa 23 January ku Chiradzulu kuja. Ndinatenga galasi kuwerenga m'mphepete, nambala, kenako dzina, dzina lake lakwathu lenileni loti ukhoza kulimva pa msika wa Zomba, kumapeto K.A.R. Ndinangokhala duu kaye. Chilembwe nkhope yake ili pa ndalama zathu, ndiye msilikali uyu anapatsidwa mendulo chifukwa chokamusaka, mwina analinso wa dera lomwelo. Mzungu amene timakhala naye desiki imodzi anangoti yabwino iyo, zotere sizibwera kawirikawiri, lemba msanga tikujambula mawa.

Ndinalemba, mizere itatu yokha, dzina, nambala, ndi kuti yakhulika pang'ono pa tsaya la mfumu.

Lachisanu pa okushoni anailimbirana anthu awiri, wina pa foni wina pa intaneti, mpaka inadutsa mtengo umene tinayerekeza. Ine ndinaganizako zokweza dzanja koma ndi lendi ya kuno, aaa iyayi. Anawina wa pa foni uja, ndipo amene anaikulunga mu kapepala kofewa ndi kumata bokosi ndi ine ndemwe.