Khomo lopapatiza la matimu ang'onoang'ono a ku Scotland

Anzanga oyendetsa matimu ku Chinamwali, Matawale ndi Sadzi, onani mmene mpira wa m'maligi a pansi umayendera ku Scotland, chifukwa kumeneko kutenga ligi sikutanthauza kuti mwakwera.

Ligi yaikulu, Scottish Professional Football League (SPFL), inakhazikitsidwa mu 2013 ndipo ili ndi matimu 42: Premiership 12, kenako Championship, League One ndi League Two, matimu 10 iliyonse. M'magulu a matimu 10, timu imakumana ndi inzake kanayi, masewero 36 pa sizoni. Osewera ambiri a League One ndi League Two ali ndi ntchito zina. Masana ndi aphunzitsi, amisiri kapena oyendetsa magalimoto, zokonzekera amachita madzulo kawiri pa sabata, Loweruka n'kulowa m'bwalo. N'chifukwa chake magetsi a pabwalo ndi ofunika kwambiri: nyengo yozizira dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko, ndipo popanda magetsi palibe zokonzekera. Nthaka ikauma ndi chisanu masewero amalephereka, n'kuunjikana mkati mwa sabata, munthu ataweruka kuntchito ali wotopa. Matimu ambiri anaika kapinga wochita kupanga, yemwe amabwereketsanso kwa ena kuti apeze ndalama.

Pansi pa League Two pali Highland League ya kumpoto ndi Lowland League ya kummwera. Mu sizoni ya 2014-15 munayamba dongosolo loti akatswiri a maligi awiriwa azisewera kawiri, pakhomo ndi koyenda. Wopambana amakumananso kawiri ndi timu yomwe yathera pamchira mu League Two. Malo ndi amodzi okha, ndipo mwini wake amapatsidwa mpata wowateteza. Ine ndimaona kuti pamenepa pali kukondera, pakuti timu yolephera sizoni yonse ikhoza kudzipulumutsa ndi masewero awiri. Komabe ena anadutsa: Edinburgh City mu 2016, Cove Rangers mu 2019, Kelty Hearts mu 2021.

Chomvetsa chisoni chinachitika mu 2024. Buckie Thistle inatenga Highland League, koma sinaloledwe kusewera masewero okwerera chifukwa inalibe layisensi ya bronze yochokera ku bungwe la mpira la dzikolo. Layisensi imayang'ana bwalo, magetsi, chithandizo cha mankhwala pa tsiku la masewero, ziphaso za aphunzitsi a timu ndi mabuku a zachuma. Zimenezi sizikonzeka sabata imodzi, choncho komiti iziyamba kuzitsata sizoni ikangoyamba, osadikira kuti timu ifike pamwamba. Kuno nako FAM imafuna layisensi kwa matimu a Super League, ndiye mlembi wa timu ya kuno ku Zomba yomwe ikulakalaka kukwera asunge makontrakiti a osewera, malisiti ndi kalata ya mwini bwalo kuyambira lero.

Mu chikho cha Scottish Cup ang'onowa amaluma ndithu. Brora Rangers ya mu Highland League inatulutsa timu yaikulu ya Hearts mu 2021, ndipo mu 2023 Darvel, yomwe inali mu ligi yachisanu ndi chimodzi kuchokera pamwamba, inagonjetsa Aberdeen ya mu Premiership 1-0.