Chubu chikapanda kuwala

Sabata ino mu labotale tinatanganidwa ndi madzi a m'zitsime, kufufuza arsenic, poizoni amene amapezeka m'madzi ena a pansi pa nthaka. Otigwirira ntchito yeniyeni ndi mabakiteriya a E. coli amene tinawasintha majini. Mwachibadwa ali ndi puloteni yotchedwa ArsR, imene imatsekereza majini ena mpaka arsenic atalowa m'selo. Ife tinalumikizapo majini a lux, ochokera ku mabakiteriya owala, ndiye arsenic akangolowa, tizilomboti timayamba kuwala. Kuwalako n'kochepa, timachita kuyeza ndi makina.

Lolemba ndi Lachiwiri anathera pa kudzutsa mabakiteriya oumitsidwa ndi kukonza madzi oyerekezera, amene mlingo wake wa arsenic tikuudziwa kale, pafupi ndi ma microgram 10 pa lita, malire amene WHO imalangiza pa madzi akumwa.

Lachitatu ndiye linandigwira mtima. Machubu ena sanawale n'komwe, ndipo wophunzira amene ndikumuphunzitsa ntchito anasangalala, nati madziwo ali bwino. Ndinamuuza kuti ayambe wadikira. Mdima m'chubu umatanthauza ziwiri: mwina arsenic mulibe, mwinanso mabakiteriya afa kapena afooka ndi poizoni wina, monga kopa kapena klorini. Palinso ayironi, amene madzi akakhudzana ndi mpweya amasanduka dzimbiri n'kukokera arsenic pansi, selo osamupeza. Choncho tinathira dala arsenic wodziwika mlingo m'madzi omwewo. Machubu ena anawala, tinawakhulupirira. Ena anakhalabe mdima, ndipo amenewo sindingalembepo kuti ndi abwino, chifukwa kuseri kwa pepala langa kuli munthu woti amwe.

Lachinayi tinatumiza madzi okayikitsawo ku makina oyezera zitsulo m'madzi otchedwa ICP-MS. Makinawo amawerenga arsenic yense, pamene bakiteriya amangotiuza amene walowa m'chinthu chamoyo. Ndimawafuna onse awiri, makamaka poti ArsR imatsegukanso ikakumana ndi antimony, chinthu china chofanana ndi arsenic, ndiye chubu chikhoza kuwala arsenic mulibe.

Lachisanu linali lophera mabakiteriya, poti ndi osinthidwa majini. Chubu chilichonse chinalowa mu autoclave, makina ophera tizilombo ndi nthunzi, pa madigiri 121. Ku Oak Ridge, ku America, mu 1996, anayesapo m'dothi la panja bakiteriya wina wosinthidwa majini, Pseudomonas fluorescens HK44, wozindikira mankhwala otchedwa naphthalene, koma anachita kupatsidwa chilolezo ndi EPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, ndipo dothilo linali m'zitini zikuluzikulu zoyang'aniridwa. Athuwa satuluka amoyo. Sabata yamawa tiyezanso madzi a m'zitsime amene machubu ake anakhala mdima aja, titawasungunula kuti poizoni winayo achepe mphamvu.