Jakisoni katatu pa chigongono cha mpalamatabwa

Za Lachitatu zandikhalabe kukhosi mpaka lero.

Anabwera bambo wina wopala matabwa, wazaka za m'ma 40, atagwirizira chigongono chakumanja. Ululu uli pa kafupa kakunja, akati anyamule kapu ya tiyi dzanja likufooka. Vuto limeneli timalitcha tennis elbow, yosachita kufunsa, kwa munthu amene tenesi amangoimva pa wailesi. Chimene chinandipsetsa mtima n'choti kukiliniki ina yolipira anawabaya jakisoni wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa ndi ululu, katatu m'miyezi 6. Akabayidwa ululu umazizira milungu ingapo, iwo n'kubwerera ku hamala, kenako umabweranso woposa kale. Anzathu obayawo sadziwa kodi? Kafukufuku wa Bisset ndi anzake ku Australia anaonetsa kale mu 2006 kuti pa milungu 6 jakisoni amaoneka ngati wachiritsa, koma chaka chisanathe ambiri mwa obayidwa vuto linawabwerera. Mtsempha wa ECRB, umene umagwira pa kafupa kowawako, ukatha mphamvu umafuna kuunyamulitsa katundu pang'onopang'ono kuti ulimbe.

Kuchipinda chathu cha mafizo FlexBar, kandodo ka mphira kopotokola polimbitsa mkono, ndi maloto, ma theraband, malamba a mphira okoka, anaduka chaka chatha ndipo pempho lathu likugonabe pa desiki ya akuluakulu. Ndinatenga botolo langa la madzi la 500ml. Mkono patebulo, chikhatho choyang'ana pansi, botolo lili m'dzanja lodwala, dzanja linalo likweze, lodwalalo litsitse mwapang'onopang'ono akuwerenga mpaka 4. Maulendo 15, katatu, tsiku lililonse. Kakuwawa pang'ono n'kololedwa.

Anandiyang'ana kwa kanthawi. "Adokotala, ndalipira minibasi kudzalandira botolo?"

Ndinakhala nawo mphindi 40, mzere panja ukudandaula. Ndinawauza mosabisa kuti kusintha kumayamba kumveka pakati pa milungu 6 ndi 12. Za kupumula anakaniratu, akuti ana adya chiyani, ndipo sindinawatsutse. Tinagwirizana zokulunga mpini wa hamala ndi mphira kuti ukule, kunyamula matabwa chikhatho chili m'mwamba, ndi kusiyira mnyamata wawo ntchito ya sikuludiraiva.

Masiku enawo ndi monga mwa nthawi zonse. Odwala sitiroko kuwodi, ana a cerebral palsy (kulumala kochokera ku vuto la ubongo) Lachiwiri, misana Lachinayi, tili awiriwiri basi. Lachisanu mayi wina wochapa zovala anabwera ndi chigongono chomwechi, mwamwayi asanabayidwe.

Bambo aja ndinawalembera kuti abwerenso pakatha milungu 2. Potuluka anafunsa ngati botololo angapite nalo. Ndinawapatsa.