Loweruka la maphunziro a atsogoleri a miphakati

Lero ndaswera mu holo ya parishi yathu kuno ku Johannesburg. Kunazizira koopsa, majekete sitinavule mpaka masana. Ife ochokera kumudzi tinalipo ochepa, poti kuno ku Joni ogwira ntchito m'mashopu ndi m'nyumba za anthu Loweruka sapuma.

Asisitere amene amatiphunzitsa anayamba ndi magawo 7 ogawana Mawu a Mulungu. Ndinakula ndikuwatsatira kumphakati kwathu ku Dedza, koma lero ndi pamene ndamva kuti njirayi inachokera konkuno ku South Africa, ku Lumko, malo a maphunziro amene anayambira ku Eastern Cape. Anaikonza ndi ansembe a ku Germany, Fritz Lobinger ndi Oswald Hirmer, omwe pambuyo pake anakhala maepiskopi. Kwathu miphakati inazika mizu maepiskopi a AMECEA, bungwe la maepiskopi a Katolika a m'mayiko a kum'mawa kwa Africa, atagwirizana za iyo mu 1973, Ambuye Patrick Kalilombe n'kuilimbikitsa kwambiri ku Lilongwe.

Tinakhalitsa pa magawo apakati. Mawu akawerengedwa, aliyense amatola mawu amodzi kapena awiri amene amukhudza, n'kuwatchula pang'onopang'ono. Kenako onse chete. Ndiye munthu anene zimene Ambuye amuuza iyeyo mumtima, osati zimene anzake ayenera kusintha. Bambo wina wachikulire, wodziwa Baibulo zedi, atangoyamba kumasulira mavesi, asisitere anamugwira mkono mwaulemu: "Bambo, mwayamba kulalikira." Sanakwiye. Anayambiranso, n'kunena za mwana wake amene wasiya kupemphera, mawu akunjenjemera.

Kwa ine phunziro lalikulu la lero lagona pamenepa. Miphakati yambiri imafooka chifukwa munthu mmodzi amalankhula yekha, amayi ndi achinyamata n'kumangovomera "Amen". Mkhristu mwini wake, ndiye kuti amene si wansembe kapena sisitere, amene akufuna kutumikira aphunzire kaye kugwira pakamwa kuti wina wamanyazi apeze mpata. Zimenezi sizibwera zokha, zimafuna kuphunzitsidwa ndithu.

Titadya, tinamva mwachidule za mautumiki. Mu 2021 Papa Francis analola kuti amayi nawonso aziikidwa mwalamulo kukhala owerenga Mawu ndi otumikira paguwa, ndipo chaka chomwecho anakhazikitsa utumiki wa akatekisi.

Mayi wina wa ku Mulanje anafunsa funso limene tonse tinali nalo. M'bale akamwalira kuno, thupi limadikira masiku angapo anthu akusonkha ndalama ndi kukonza mapepala oti lipite kumudzi. Bambo mfumu sangabwere usiku uliwonse. Atsogolere mapemphero pasiwa ndani, nanga anene chiyani kwa ofedwa amene amayi awo ali kutali, akungolira pa foni? Asisitere anati phunziro lotsatira likhala la maliro, ndipo anatipempha tilembe nyimbo zathu za Chichewa zimene timaimba pasiwa.

Lachitatu madzulo mphakati wathu ukumana ku Rosettenville, m'chipinda cha banja lina, ndipo nditsogolera ndine. Ndawauza kale pa WhatsApp kuti aliyense abwere ndi Baibulo lake.